Envulopu ya Alamu

Pakati pa sitolo yokonza mafoni ndi kachipinda ka mkulu wodula makiyi panali khomo lopanikiza, ndipo kuseri kwa khomolo kunkagwira ntchito mayi amene msewu wonse unkamutcha Lumo. Pachikwangwani chake panalembedwa za kutaipa ndi fotokope, koma fotokope amachita aliyense. Chimene anthu ankamulondolera, ena kuchokera kutali ndithu, chinali kudula mawu.

Luso limeneli sanabadwe nalo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu anali mlembi pakampani ina yogulitsa zitsulo, pansi pa bwana amene sankawerenga kanthu kopitirira tsamba limodzi. Lipoti la masamba makumi atatu likafika, bwanayo ankangoliponya padesiki pa Lumo n'kunena kuti, "Mundiuze chimene akufuna anthu amenewa tiyi wangayu asanazizire." Tsiku ndi tsiku tiyi ankazizira mofulumira chimodzimodzi, ndiye Lumo anaphunzira kupeza pamene pagona nkhani. Ngakhale banja lake analidula lisanafike chaka chachitatu. Ofunsa ankawayankha kuti munali mawu ambiri koma mfundo munalibe.

Kampani ija itatsekedwa, anagula kompyuta yakale ndi makina osindikizira n'kutsegula kachipinda kake. Mwayi wake, inali nthawi imene makampani ndi mabungwe anayamba khalidwe loitana amalonda ang'onoang'ono kuti akaime pamaso pawo n'kufotokoza bizinesi yawo m'mphindi zisanu, uku zithunzi ndi mawu zikuoneka pakhoma, zija amati masilayidi. Mphindi zisanu! Munthu woweta nkhuku ukamufunsa za nkhuku zake amayambira pa tsiku limene anabadwa iyeyo. Anthu otere ankafika kwa Lumo atanyamula mapepala odzaza chikwama, onse akunena chimodzimodzi, kuti apa palibe chochotsa.

Lumo sankatsutsana nawo. Ankasindikiza zonse, kuyala patebulo, kutenga rula ndi lumo lenileni lometera ndevu, n'kuyamba kucheka mzere ndi mzere mwiniwake akuonerera, mtima ukuwawa. Zotsala patebulo ndi zimene zinkapita pakhoma. Koma zodulidwa zija sankataya ngakhale kachidutswa kamodzi. Ankazitolera mu envulopu ya khaki n'kumupatsa munthuyo m'manja, ndi mawu amene sanawasinthepo: "Zimene mukanene zili pakhoma. Zimene akakufunseni zili umu. Mukaziwerenge mpaka zikulowereni." Kenaka ankamukhazika pa kampando kopanda chotsamira n'kumuthira mafunso mpaka thukuta lili kamukamu. Zaka zisanu ndi zinayi, palibe amene anatuluka pakhomo paja wopanda envulopu yake. Lumo analibe zambiri zonyadira, koma ichi ankanyadira.

Panali munthu mmodzi yekha amene Lumo sankamudula pakamwa, mng'ono wake. Panalibenso chodula, chifukwa mng'onoyo anabadwa wolemera lilime ndi wopepuka manja. Lumo ndiye anamulera makolo atamwalira, n'kumupititsa kusukulu ya zosokasoka. Mtsikanayo atamaliza sanalimbane ndi madiresi. Ankatola matenti akale ophimbira katundu pa malole, kuwachapa, kuwadula n'kusoka zikwama zolimba zimene mvula inkangotsetsereka pamwamba. Osoka ena anayesa kutengera, koma zawo zinkadontha m'misoko. Msoko wa pansi pa chikwama ankausoka yekha, pamakina ake, ndipo ngakhale atapeza osoka anayi omuthandiza, ntchito imeneyo sanaisiyire wina.

Kenaka kunabwera mwamuna. Kale ankagulitsa inshuwalansi, ndipo tayi sankavula ngakhale dzuwa litaswa mtengo, motero anthu anangomutcha Tayi. Pakamwa anali ndi shuga. Anakwatira mng'ono wa Lumo, nasiya inshuwalansi, nalembetsa bizinesi ya zikwama m'dzina lake ponena kuti za m'maofesi akuzidziwa ndi iye. Anadzisindikizira timakadi tolembedwa kuti Dairekita. Zaka khumi ndi chimodzi anamudyera mkazi wake masuku pamutu, akuuza aliyense kuti mayi amangosoka, nzeru ndi zake. Tsiku lina mayi wongosokayo anafika kuntchito n'kupeza loko watsopano pachitseko, ndipo kunyumba anapeza mkazi watsopano pakhonde.

Anafika kwa Lumo masana, mvula ikukhuthuka, atanyowa mpaka m'kati, atakumbatira chikwama chimodzi chosoka yekha. Lumo anamupukuta mutu. Atatsegula chikwama chija kuti ayanike zovala, anapeza zonse zili zouma, ngakhale kansalu kamene kanali pansi penipeni. Misozi ya mng'ono wake anaipirira, koma zovala zoumazo zinamuwawa mpaka m'mafupa. Munthu wa manja otere n'kumutaya ngati chigamba? Kuyambira tsiku limenelo Lumo anasunga chakukhosi, ndipo sankabisa kuti akuchisunga.

Panapita miyezi isanu ndi iwiri. Mng'ono uja ankasoka pakhonde pa mkulu wake ndi makina amodzi akale, akuonda, osadandaula. Ndiye Lolemba lina m'mawa khomo lopanikiza lija linadetsedwa ndi mthunzi, fungo la perefyumu n'kulowa mwiniwake asanalowe.

"Alamu, mwadzuka bwanji?" anatero Tayi, mano onse ali pamtunda.

"Chilamu chija si chinatha ndi loko uja?"

"Aa, alamu, za m'banja n'za m'banja. Ine ndabwerera ntchito."

Anakhala pampando asanauzidwe n'kufotokoza. Kampani ina yotumiza katundu panjinga zamoto inkafuna zikwama mazana asanu ndi atatu zosalowa madzi, ndipo inaitana osoka kuti Lachinayi akaonetse zimene angathe, aliyense mphindi zisanu. Tayi anakumbukira kuti zaka ziwiri zapitazo Lumo anataipa buku lonse la bizinesi yawo, masamba makumi anayi, kuchokera m'kope limene mkazi wake analemba pamanja. Bukulo linali likadali m'kompyuta ya Lumo.

"Nanga lanu lija ndinakusindikizirani lili kuti?" anafunsa Lumo.

"Mayi akunyumba anayalira m'kabati," anayankha Tayi akuseka. "Sanadziwe."

"Munaliwerengako?"

"Ndiwerengerenji za bizinesi yanga yomwe? Zili m'mutu umu."

Lilime la Lumo linali litanola kale mawu omuthamangitsira, koma anawameza. Akanamukana, Tayi akanangoti mundipatse buku langa lonse ndipite nalo kwina, ndipo pepala la boma linkati bizinesiyo ndi yake. Tsono pa tsamba la makumi atatu ndi limodzi mng'ono wake analembapo mwatsatanetsatane kasokedwe ka msoko wa pansi uja, kuti luso lisadzafe naye. Tayi akanangowerenga tsamba limenelo, basi, mkazi anamutayayo akanamulanda ndi manja omwe.

"Ndikudulirani," anatero Lumo.

"Ndimadziwa. Koma chinthu chimodzi, alamu. Mng'ono wanuyo asaoneke pakhoma. Paliponse pamene akutchulidwa, chotsani."

"Dzina lokha, kapena ndi mawu ake omwe?"

"Zonse. Pamene pali iye, lumo lidutse."

"Mwanena nokha," anatero Lumo, akutulutsa lumo latsopano m'kapepala kake.

Tsiku limenelo anakana ntchito ina iliyonse. Anayala masamba makumi anayi patebulo n'kuchita ndendende zimene anauzidwa. Pamene panalembedwa mmene mayi amasankhira tenti yabwino poiyang'anitsa kudzuwa, lumo linadutsa. Mmene mayi amachapira kuti fungo la dizilo lichoke, linadutsa. Mmene amayezera, mmene amadulira, mmene amaphunzitsira osoka, linadutsa. Tsamba la makumi atatu ndi limodzi linapita lonse. Pofika madzulo envulopu inali itatupa mpaka kukana kutsekeka, ndipo patebulo panangotsala masamba asanu ndi limodzi amene Tayi anawonjezera yekha kumayambiriro, onena za masomphenya, za kutukula dziko, ndi za ulendo wake wa moyo.

Ndi masamba amenewo Lumo anapanga masilayidi khumi okongola kuposa onse amene anapangapo. Sananame ngakhale liwu limodzi, sanalakwitse dala ngakhale chilembo. Anangosamala chinthu chimodzi. Zaka zonsezi anali ataona kuti ogula amafunsa za chimene achiona pomaliza. Ndiye pasilayidi yotsiriza anaikapo chiganizo chimodzi chokha m'zilembo zikuluzikulu: MSOKO WATHU SULOWA MADZI.

Lachiwiri Tayi atabwera kudzaona, anaomba m'manja. Anawerenga mokweza za masomphenya ake, mawu ake omwe akumukomera ngati akuwamva koyamba. Lumo ankangomuyang'ana. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

"Khalani pa kampando apo ndikufunseni mafunso," anatero, poti mwambo wake unali umenewo.

"Ine? Kufunsidwa mafunso ndi wotaipa?" Tayi anaseka chikhakhali. "Alamu, ine ndinagulitsapo inshuwalansi ya moto kwa munthu wopanda nyumba. Inu mudzangobwera Lachinayi kudzandidinira kompyuta, poti zamakinazi zimandichedwetsa."

Envulopu inali m'dirowa, dzanja la Lumo lili pachogwirira. Zaka zisanu ndi zinayi dzanja limenelo linkatsegula lokha, osachita kuuzidwa. Anamva manyazi, manyazi enieni a mmisiri amene akuphwanya lamulo lodziikira yekha. Kenaka anakumbukira zovala zouma zija, dzanja n'kubwerera pamwendo. Tayi anatuluka akuimba mluzu.

Kunyumba, Lumo anakhuthula envulopu pa tebulo la makina osokera.

"Izi ndi zako," anauza mng'ono wake. "Dzina lako ndakalembetsa kale kukampani kuja. Lachinayi ukalankhula."

Mng'onoyo anagwira tizidutswa tija n'kuzindikira mawu ake. "Achemwali, zisiyeni. Mulungu ndiye adziwa."

"Adziwadi. Koma Lachinayi wodina kompyuta ndine."

"Ine kulankhula sindimatha."

"N'chifukwa chake ndikukufuna. Olankhula ndatopa nawo."

Masiku awiri anamukhazika pa kampando kopanda chotsamira kaja, ndipo sanamumvere chisoni. Muli ndi makina angati? Mumagwirira kuti? Chifukwa chiyani tikhulupirire mayi wosokera pakhonde? Mng'onoyo analira kawiri, kachitatu n'kupsa mtima, kuyankha mokalipa kuti makina ali nawo amodzi koma osoka anayi a kwa Tayi anawaphunzitsa ndi iye, ndipo akawaitana sagona kumeneko. Lumo anati yankho ndi limenelo, akanene momwemo, ndi ukali womwewo. Masilayidi ake anangopanga atatu.

Lachinayi m'mawa Lumo anakwera masitepe a kukampani kuja kupita ku chipinda cha pamwamba. Munali tebulo lalitali ndi anthu atatu: mayi wa magalasi woyang'anira zogula, bambo wachikulire amene ntchito yake inali kuyang'ana nthawi pafoni, ndi mkulu wa oyendetsa njinga, munthu wakuda ndi dzuwa amene anaika chipewa chake cholimba patebulo pafupi ndi botolo la madzi. Odikira ankakhala pabenchi pakhonde. Mng'ono wa Lumo anali atauzidwa kuti afike mochedwerapo.

Tinene chilungamo, Tayi analankhula bwino. Anayenda uku ndi uku, anaseketsa mayi wa magalasi, ananena za masomphenya mpaka bambo wa nthawi anaiwala foni yake pang'ono. Lumo ankadina pa nthawi yake, osafulumira, osachedwa. Silayidi yotsiriza itayera pakhoma, Tayi anaiwerenga mokweza, dzanja lili pamtima, n'kugwada pang'ono. Anamaliza mphindi zisanu zisanakwane.

Mkulu wa oyendetsa njinga anali asanasekepo chiyambire. Analoza pakhoma ndi chibwano.

"Msoko umenewu mumausoka bwanji?"

"Funso labwino kwambiri," anatero Tayi. "Timagwiritsa ntchito luso lamakono."

"Luso lanji? Ine ndayenda ndi katundu wa anthu pamvula zaka khumi. Singano imaboola nsalu. Pamene yaboolapo, madzi amalowa. Inu mabowowo mumatseka ndi chiyani?"

"Chimenecho ndi... tili ndi akatswiri athu amene..."

"Ndikufunsa inu, a Dairekita."

Tayi anakonza tayi wake, ngakhale anali wowongoka kale. Anatembenukira kwa Lumo, kumwetulira kukadali pankhope koma maso akupempha. "Alamu, tapitani kutsogolo."

Lumo anadina. Khoma linangoti mbee, loyera.

"Zatha, alamu," anatero, mawu ali phee, koma omveka mpaka kumapeto kwa tebulo. "Zinazo munati ndichotse."

Mkulu wa njinga anaimirira. Anatenga chikwama chachitsanzo chimene Tayi anabwera nacho, chosokedwa sabata yomweyo, anatsegula botolo n'kukhuthuliramo madzi onse, nachikweza m'mwamba. Maso onse anali pa msoko wa pansi. Dontho loyamba linatuluka pakona, lachiwiri pakati, kenaka mzere wonse wa msoko unayamba kulira. Madziwo anagwera pa nsapato za Tayi zopolishidwa bwino zija. Paja ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

"Zikomo, bambo," anatero mayi wa magalasi. "Wotsatira alowe."

Tayi anatola chikwama chake chodontha. Atafika pakhomo anacheuka kuti aone ngati Lumo akumutsatira, koma Lumo sanasunthe pa kompyuta. Chitseko chinatseguka, n'kulowa mkazi amene anamutsekera kunja, atakumbatira chikwama chimodzi chakale.

"Inu mudiniranso awa?" anafunsa mayi wa magalasi.

"Awa ndi mng'ono wanga," anatero Lumo.

Mng'onoyo anaima kutsogolo, silayidi yoyamba ili pakhoma, n'kuiwala chiganizo choyamba. Masiku awiri a pa kampando anauluka onse. Bambo wa nthawi anayang'ana foni. Kwa nthawi yoyamba Lumo anachita mantha kuti mwina chidani chake chamukokera mwana wa mayi ake ku manyazi ena oposa oyamba.

Ndiye mng'onoyo anasiya kuyang'ana khoma. Anaika chikwama patebulo, nachitembenuza kuti msoko wa pansi uonekere, chala chake n'kuyamba kuyenda pamsokopo. Pamenepo mawu anabwera okha. Anati nsaluyo amaipinda kawiri kuti m'mphepete muloze m'kati. Ulusi amaudutsitsa kaye m'phula. Akasoka, amapititsapo simbi yofunda pang'ono, osati yotentha, kuti phula lisungunuke n'kudzaza bowo lililonse limene singano yasiya. Anati chikwama chimenechi chili ndi zaka zinayi.

Mkulu wa njinga anatuma kuti amudzazire botolo lija. Anathira madzi, nakweza chikwama m'mwamba, n'kudikira. Anachigwedeza. Anapititsa chikhatho pansi pake n'kuchiyang'ana. Chinali chouma.

"Muli ndi makina angati, mayi?" anafunsa mayi wa magalasi.

"Amodzi," anayankha mng'onoyo, ndipo ukali wa pa kampando uja unabwerera. "Koma osoka anayi ndinawaphunzitsa ndekha. Ndikawaitana abwera."

Atatu aja ananong'onezana. Mayi wa magalasi anati abwere Lolemba adzasaine mapepala, ayambe ndi zikwama makumi asanu, zinazo zizitsatira. Bambo wa nthawi anaonetsa anzake foni akupukusa mutu. Mng'ono wa Lumo anali atalankhula mphindi zitatu zokha.

Lumo anazimitsa kompyuta, nakulunga chingwe mosafulumira n'kutsogola kutsika, mng'ono wake akulembetsa nambala ya foni. Pansi pa masitepe anapeza Tayi akumudikira, tayi atamasula koyamba chimudziwireni.

"Mwandipha, alamu."

"Ndadula pamene munaloza."

"Musandipusitse!" Mawu ake anakwera mpaka mlonda wa pakhomo anacheuka. "Ndafunsa anthu pabenchi paja. Aliyense mumamupatsa envulopu ya mayankho. Aliyense! Yanga ili kuti?"

Amanena kuti kubwezera kumasiya kuwawa m'kamwa. Lumo anadikira kuti amve kuwawako, koma sikunabwere. Chimene anamva chinali kukoma, kukoma kwenikweni, ndipo sanachite nako manyazi. Pamwamba panamveka mapazi. Mng'ono wake ankatsika pang'onopang'ono, chikwama chonyowa m'kati chili kukhwapa, nkhope ikadali yodabwa.

"Envulopu yanu ndi iyo ikutsikayo," anatero Lumo. "Munakhala nayo zaka khumi ndi chimodzi, simunaitsegule."

Mng'onoyo anadutsa pakati pawo osayang'ana kumbali, n'kufunsa mkulu wake ngati sitolo yogulitsa phula imatseka masana.